Chidede cha ku Dudley

1. Pakamwa palibe

Rahma analanda khitchini ya amayi ake ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sikuti ankakonda kuphika ayi. Kwawo ku Balaka, akangomva kuti lero ndi tsiku lake lophika, mutu unkayamba kumupweteka pompo. Chimene chinamulowetsa m'khitchini ndi mantha.

Iye ndi amayi ake, mayi Hawa, ankakhala ku Dudley, ku Mangalande, m'kanyumba ka pamwamba pa shopu yometera tsitsi. Mayi Hawa ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Tsiku lonse ankanyamula anthu, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, ndipo podyetsa ena anaiwala kudzidyetsa okha. Chakudya chawo chinali tchipisi cha m'pepala, mapayi a m'firiji ndi zakumwa zotsekemera, zambiri zodyera m'basi.

Thupi silinamizidwa. Miyendo inayamba kutupa mpaka nsapato kukana kulowa. Tsiku lopita kwa dokotala, Rahma anawaperekeza, ndipo anamva yekha ndi makutu ake.

"Mayi, BP yanu yakwera kwambiri ndipo impso zayamba kutopa," anatero dokotala mosazungulira. "Siyani zam'mapaketi, chepetsani mchere, muzidya zophika panyumba ndi ndiwo zamasamba. Mukapitiriza chonchi, tidzafika poti magazi anu azisefedwa ndi makina."

Bambo ake a Rahma anamwalira iye ali wamng'ono. Ku Dudley analibe munthu wina womutcha mbale. Ankadziwa kuti amayi akagwa, zonse zagwa.

Choncho anayamba kuphika. Anawiritsa kaloti, anaphika nyemba, anayesa ngakhale burokoli. Koma mayi Hawa ankangotapa kawiri n'kukankha mbale. Chakudya chimene ankawaikira m'kontena popita kuntchito chinkabwerera momwe chinapitira.

"Usakhumudwe, mwana wanga, ukuphika bwino," anatero tsiku lina. "Kungoti pakamwa panga palibe. Mankhwalawa andiphera lilime. Mwina ndikanapeza chidede chotendera, chowawasa bwino chija, bwenzi nditadya. Koma chidede ku Dudley? Ndikungolota."

Rahma anatsuka mbale, misozi ikugwera m'sinki.

2. Dimba la a Enifa

Loweruka lina m'mwezi wa Meyi, Rahma anakwera basi kupita kwa a Enifa. Amenewa anali mayi wachikulire wa ku Dedza, amene anakhala ku Mangalande zaka zoposa makumi awiri. Anadziwana ndi mayi Hawa pamsonkhano wa Amalawi, ndipo chiyambire pamenepo ankatchulana kuti achemwali.

A Enifa anali ndi kadimba pamalo amene khonsolo imabwereketsa kwa anthu ofuna kulima. Timadimbato tinali tambiri, togundizana, kalikonse ndi kanyumba kake kosungiramo makasu.

Rahma anawafotokozera za amayi ake, kenako anafunsa ngati ali ndi chidede, kapena nkhwani, kapena bonongwe. A Enifa anaimika khasu n'kumuyang'ana.

"Tamvera kuno, mwana wanga. Dimba silimva kuti uli pachangu. Kushopu ukapeza matimati mu Januwale ndi mango mu Febuluwale, zonse zonyezimira, koma zayenda ulendo wautali kuposa umene unayenda iwe pobwera kuno. N'chifukwa chake sizikoma. Chakudya chenicheni ndi chimene nthaka yatulutsa mwezi umene uli nawowo. Mwezi uno watipatsa sipinachi, anyezi wamasamba ndi kampiru pang'ono. Nkhwani wanga akadali m'timiphika, akuopa chisanu, udzamudya mu Julaye. Bonongwe ndi wa mu Ogasiti. Chidede ndiye ndinayesa kawiri konse, chinandikana. Dzuwa la kuno ndi laulesi."

"Koma Anti, amayi sangadikire mpaka Julaye," anatero Rahma.

"Sadikira ndi njala. Sipinachi uyu ukamuphike ndi matimati, uthire nsinjiro, ufinyiremo kandimu. Adzadya pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anayamba kuthyola sipinachi n'kumaika m'jumbo. Ali pakati pothyola, anaweramuka n'kumuloza ndi chala.

"Chinanso, ndipo ichi uchisunge. Ife Amalawi tili ndi diso la masamba. Tikangoona chobiriwira, m'mutu mwathu mphika wawira kale. Kwathu zimenezo zimatheka chifukwa makolo anayesa kale, ena anafera pomwepo, n'kutisiyira nzeru. Anakuuza ndani kuti chinangwa chowawa chimayamba chaviikidwa? Anakuuza ndani bowa woti usamukhudze? Sunabadwe ukudziwa, unachita kuuzidwa. Tsono kuno makolo athu sanapondeko. Tsamba lililonse limene sunalionepo m'mbale mwa munthu, usalitenge usanafunse. Funsa ine, funsa mwini dimba, funsa ngakhale foni yakoyo. Paja amati safunsa anadya phula. Koma phula n'labwino, limangokakamira m'kamwa. Masamba ena amakugoneka m'chipatala."

"Ndamva, Anti," anatero Rahma. Ndipo anamvadi, monga amamvera ana onse, khutu limodzi lili poyera, linalo lili kwina.

Dimba loyandikana nalo linali la bambo Rex, mzungu wokalamba wa ku Dudley komweko. Anawakwezera chipewa n'kupereka moni m'Chingerezi chake chothamanga, chimene Rahma mpaka pano ankangotolapo theka.

"Munthu wabwino ameneyu," anatero a Enifa chapansipansi, uku akuseka. "Koma chaka chatha ndinamupeza akukataya nkhwani, wilibala yodzaza tho! Iye amangofuna maungu basi. Nditamupempha masambawo anaganiza kuti ndikuweta akalulu. Anthu a kuno amataya ndiwo, mwana wanga. Khwanya amataya, nkhwani amataya."

Mwa mawu onse a tsikulo, awa ndi amene anakhazikika bwino m'mutu mwa Rahma.

3. Pamulu wa manyowa

A Enifa ananyamula keni n'kupita kumpopi, umene unali kumapeto kwa madimba. Rahma anatsala yekha akuzula udzu.

Bambo Rex anali akukolola mbewu ina imene Rahma anali asanaionepo. Inali ndi mapesi ofiira onenepa ndi masamba akuluakulu ngati a koko. Mkuluyo ankazula phesi, kudula tsamba ndi mpeni, phesi m'basiketi, tsamba pamulu wa manyowa. Atadzaza basiketi, anakhoma kanyumba kake n'kumapita.

Rahma anayandikira muluwo. Masambawo anali obiriwira bwino, opanda kachibowo ka mbozi ngakhale kamodzi. Pamene mpeni unadutsa panatsala kachitsa kofiira, kufiira kwake kofanana ndi kwa mitengo ya chidede. Anang'amba kachidutswa n'kukaika pa lilime.

Kanali kowawasa. Mano anayayamira, malovu anadzaza m'kamwa, ndipo mtima wake unadumpha ndi chimwemwe.

Apa mpamene panali poti afunse. A Enifa ankaoneka ali pampopi, mtunda woti kungokuwa akanamva. Foni inali m'thumba, foni imene Rahma ankaifunsa chilichonse, kuyambira homuweki mpaka nthawi ya basi. Koma ankaopa kuti akafunsa auzidwa kuti adikire, ndipo kudikirako kunali kutamukwana. Komanso, tinene zoona, ankafuna kuti ulemu wopeza chidede ku Dudley ukhale wake yekha.

Anasankha masamba anthete, anawapinda n'kuwakanikiza m'chikwama chake cha kusukulu. A Enifa pobwera ndi madzi anamupeza atabereka kale chikwama.

"Wayamba kutsanzika? Udzu wakulaka?"

"Ayi Anti, amayi ali pa shifiti ya masana. Ndikufuna ndikawaphikire asananyamuke."

Anathamangira basi. Jumbo ya sipinachi inatsala pansi, pafupi ndi khasu.

4. Ndiwo zotendera

Atafika kunyumba anapeza amayi ake akadagona. Anatseka chitseko cha khitchini kuti fungo lisawadzutse.

Tsiku limenelo Rahma anaphika ndi mtima wake wonse. Anatsuka masamba, anachotsa mitsempha yake yolimba n'kuwadula bwinobwino. Anapera mtedza wauwisi m'makina n'kuusefa mpaka nsinjiro zinatuluka zosalala. Anadula matimati ndi anyezi. Mchere anangothira kanunkha, monga ananenera dokotala. Pambali anawiritsa mbatata yosasenda.

Ndiwo zitapsa analawa kansonga ka supuni. Kummero kunamukanda pang'ono, koma anati n'kutentha chabe. Kukoma kwake kunali kwa ku Balaka kwenikweni.

Anadzaza kontena n'kuitseka mwamphamvu. Mayi Hawa atadzuka n'kuvala yunifolomu, anaima pakhomo la khitchini akununkhiza.

"Iwe, waphika chiyani chonunkhira chonchi?"

"Musatsegule pano, Amayi. Mukatsegule pa buleki. Mundilonjeze."

"Ndalonjeza, amayi aphiki," anatero akuseka. Anaika kontena m'chikwama, anakokera nsapato kumapazi otupawo n'kutsika masitepe pang'onopang'ono, atagwira khoma.

Rahma anawayang'ana pazenera mpaka basi inawatenga. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kwa dokotala kuja, anamva kupepuka mumtima.

5. Jumbo yoiwalika

Dzuwa litapendeka, wina anagogoda. Anali a Enifa, jumbo ya sipinachi ili m'manja.

"Wophika wanji woiwala ndiwo kudimba?" anatero polowa. "Ndati ndikupatsire ndisanapite kwathu. Nanga amayi ako wawaphikira chiyani?"

Bodza linali pafupi. Akanatha kunena kuti waphika kabichi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mphika anali atatsuka kale. Koma Rahma anatsegula firiji n'kutulutsa tsamba limodzi limene anasunga kuti adzaphike mawa.

"Ndapeza chidede cha kuno, Anti. Bambo Rex amataya."

Jumbo ya sipinachi inagwa m'manja mwa a Enifa.

"Mayo ine! Rahma, ameneyu ndi rubabu! Waphika masamba a rubabu?"

"Ndi owawasa ngati chidede, Anti. Ndalawa."

"Wadya ochuluka bwanji?"

"Kansonga ka supuni basi."

"Nanga amayi ako?"

"Atenga kontena yodzaza. Akadya pa buleki."

A Enifa anagwira mpando. Mawu awo, amene masiku onse ankamveka mpaka dimba lachitatu, anatsika mpaka Rahma anachita kuyandikira kuti amve.

"Rubabu amadya mapesi okha. Masamba ake ndi poizoni, ndipo kuphika sikumuchotsa. Kuwawasa wakumvako ndiye poizoniyo. Munthu wabwinobwino amasanza, m'mimba n'kumupota. Koma chimene poizoniyu amalimbana nacho kwambiri ndi impso. Imba foni, msanga!"

Pothamangira kuimba, Rahma analakwitsa nambala kawiri. Foni ya amayi ake inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi.

"Akakhala pa shifiti amaitsekera m'kabati," anatero akulira.

A Enifa anaimba nambala ya kuntchitoko. Nayo inangoitana, poti Loweruka masana mu ofesi simukhala munthu. Sanataye nthawi. Anakulunga tsamba lija m'pepala, analiika m'chikwama chawo n'kumukoka Rahma padzanja. Mwamwayi, potsika masitepe anaona basi ikukhota pakona.

6. M'basi

Basi ya tsiku limenelo inkaima paliponse. Pena pakwere mayi wa ngolo ya mwana, pena patsike mkulu wa ndodo. Rahma ankangoimba foni, kudula, kuimbanso.

"Ndawapha amayi anga, Anti," anatero. "Ndawapha ndi manja anga."

A Enifa anamukokera paphewa pawo.

"Khala chete, usadzilodze. Sitinafike, ndiye sitikudziwa. Mwina buleki yachedwa. Ndipo ngati adya, achipatala ali ndi njira zawo, bola tifulumire. Wachita bwino kundionetsa tsamba lija. Ukanandinamiza, bwenzi pano ndili kwathu ndikumwa tiyi, iwe ukudikira amayi ako kuti adzakuyamikire."

Kenako anapitiriza, akuyang'ana pazenera.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga. Ndinaseka bambo Rex pamaso pako ngati kuti chilichonse chimene amataya ndi ndiwo. Tamvera tsono. Munthu amene wakhala pamalo moyo wake wonse akamataya chinthu, pali ziwiri. Mwina sadziwa ubwino wake, mwina akudziwa kuipa kwake. Ndi maso sungasiyanitse. Nkhwani amataya chifukwa sanaphunzitsidwe. Masamba a rubabu amataya chifukwa anaphunzitsidwa ali ana, monga unaphunzitsidwira iwe za bowa. Nawonso ali ndi makolo awo amene anayesa n'kuvulala. Ndipo usamaganize kuti chilichonse chochokera m'nthaka n'chabwino chifukwa sichinadutse ku fakitale. Nthaka yomweyo imabala chimanga, yomweyonso imabala mwabvi. Chikondi unali nacho, mwana wanga, palibe angakutsutse. Koma chikondi chikakhala pachangu chimafunika munthu wochigwira dzanja."

Maso a Rahma anali pamsewu, ndipo basi isanaime bwinobwino iye anali ataima kale pakhomo.

7. Pa buleki

Nyumba yosamalira okalambayo inali ndi chitseko chokhoma. Rahma anakanikiza belu osalisiya mpaka wantchito wina anabwera akuthamanga. A Enifa anafotokoza mwachidule, ndipo mayiyo anawatsogolera m'kakhonde kopita kuchipinda chopumira antchito.

"Alowa kalekale," anatero. "Buleki yawo yatsala pang'ono kutha."

Rahma anakankha chitseko.

Mayi Hawa anali okha, atakhala pafupi ndi zenera. Nsapato anali atavula, mapazi atawasanjika pampando wina. M'dzanja munali kachidutswa komaliza ka mbatata, ndipo ankakazunguliza m'kontena, kukomba msuzi wotsalira m'makona. Nkhope yawo inkawala mmene Rahma anali asanaionere kwa miyezi yambiri.

"Rahma! Achemwali! Mwabwera kudzandiona?" anatero mokondwa. "Mwana iwe, tabwera kuno ndikugwire dzanja. Chidede chimenechi wachipeza kuti? Ndinangoti nditsegule, fungo lokha linandifikitsa ku Balaka. Lero ndiye ndadya, achemwali. Ndadya ngati munthu. Taonani, sindinasiye kanthu."

Anapendeketsa kontena kuti onse aone. Kenako anaponya kambatata kaja m'kamwa.

A Enifa anali atatembenukira kale kukhoma, foni ili kukhutu, akutchula dzina la msewu pang'onopang'ono kuti a ambulansi amve bwino. Mayi Hawa anawayang'ana, anayang'ananso mwana wawo, kumwetulira kusanachoke pankhope.

"Kodi kwagwanji? Ukuliranji, Rahma?"

Rahma anagwada pansi. Anatola nsapato imodzi, anagwira phazi lotupa la amayi ake ndi manja onse awiri n'kuyamba kuwaveka.

"Amayi, si chidede chimene mwadyachi," anatero. "Tiyeni, tikupita kuchipatala."